Dongosolo la Chipatala cha Banja: Zoyenera Kudziwa Odwala ndi Owasamalira ku Umbilo

Chipatala cha banja ndi malo amene munthu amayambira kupita akadwala, ndipo amabwererako kwa zaka zambiri ndi mavuto osiyanasiyana: chifuwa cha mwana, sikelo ya mayi woyembekezera, shuga wa agogo, ma ARV, bala la kuntchito. Ku Umbilo ndi madera oyandikana nawo monga Glenwood, Congella ndi Cato Manor, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi makiliniki a boma la chigawo cha KwaZulu-Natal, makiliniki a khonsolo ya eThekwini, komanso madokotala olipiritsa amene ali ndi zipinda zawo m'mbali mwa misewu ikuluikulu.

Chipatala chotere chimayenda bwino pamene zinthu zochepa zikuchitika mofanana tsiku ndi tsiku. Wodwala aliyense amakhala ndi fayilo imodzi, amapatsidwa tsiku lobwerera, wodwala kwambiri amaonedwa msanga, opereka chithandizo onse amatsata buku limodzi, ndipo wotumizidwa ku chipatala chachikulu amapita ndi kalata n'kubwereranso ndi yankho. Pa chilichonse mwa zinthu zimenezi pali mbali imene ili m'manja mwa wodwala kapena womusamalira, ndipo mbali imeneyo imakula kwa anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene amasamukasamuka potsata ntchito.

Kumene dongosololi linachokera

Ambiri sadziwa kuti njira imeneyi, imene lero imaphunzitsidwa m'maiko ambiri, mizu yake ina ili m'chigawo chomwe chino. M'chaka cha 1940 madokotala awiri, a Sidney Kark ndi akazi awo a Emily Kark, anatsegula chipatala chaching'ono ku Pholela, pafupi ndi Bulwer, m'munsi mwa mapiri a Drakensberg. Anagwira ntchito limodzi ndi a Edward Jali ndi akazi awo a Amelia Jali, amene anali namwino. Chachilendo pa nthawiyo chinali chakuti sanadikire odwala pakhomo la chipatala. Anasankha dera lodziwika malire, anawerenga makomo ake, analemba aliyense wokhala pakhomo lililonse, ndipo anatsegula fayilo ya banja lonse. Anaphunzitsa anthu a m'deralo kuyendera makomo, kuyeza ana pa sikelo, kulimbikitsa madimba a ndiwo zamasamba ndi kukumba zimbudzi. Pamene ankayamba, mwa ana anayi obadwa amoyo, pafupifupi mmodzi ankamwalira asanakwanitse chaka. Pofika cha m'ma 1950 anali pafupifupi mmodzi mwa ana 10.

Banja la a Kark linasamukira ku Durban m'katikati mwa zaka za m'ma 1940 kukakhazikitsa Institute of Family and Community Health ku Clairwood, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inalumikizidwa ndi sukulu ya zaudokotala imene ili pa Umbilo Road, yomwe lero imatchedwa Nelson R Mandela School of Medicine. Boma la tsankho silinaikonde ntchito imeneyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 a Kark anachoka m'dziko muno n'kukapitiriza maphunzirowa ku Jerusalem, ndipo maganizo awo anathandiza kuumba mfundo za msonkhano wa ku Alma-Ata wa mu 1978 wokhudza chithandizo choyambirira cha zaumoyo. Amene anakulira ku Malawi aona kuti alangizi a zaumoyo a m'midzi, oyenda ndi kaundula wa makomo ndi sikelo ya ana, amagwira ntchito yofanana kwambiri ndi ya ku Pholela.

Dziko la South Africa linavomereza udokotala wa banja kukhala ukatswiri paokha mu 2007, ndipo dokotala amaphunzira zaka zinayi zowonjezera kuti atchedwe katswiri wa ntchitoyi. Mu 2013 unduna wa zaumoyo unayambitsa pulogalamu ya Ideal Clinic, imene imaika miyezo ya mmene kiliniki ya boma iyenera kuyendera. Zambiri zimene zafotokozedwa m'munsimu zimachokera m'miyezo imeneyo. Sikuti kiliniki iliyonse imaikwaniritsa tsiku lililonse, koma kuidziwa kumakuthandizani kuzindikira chimene muyenera kufunsa.

Fayilo imodzi, dzina limodzi

Fayilo ndiyo imakumbukira zimene dokotala sangakumbukire. Mu kiliniki ya boma mutha kukumana ndi namwino wina mwezi uno, winanso mwezi wamawa, ndipo chimene chimalumikiza maulendo onsewo ndi zolembedwa: BP ya miyezi yapitayo, mankhwala amene anakuwengani, zotsatira za magazi, mlingo wa mankhwala umene unasinthidwa ndi chifukwa chake. Dokotala akaona kuti BP yanu lero ndi 150/95, sangadziwe ngati ikukwera kapena ikutsika pokhapokha aone ya kale. Munthu amene miyezi itatu yapitayo anali pa 180/110 ali pa njira yabwino, pamene amene anali pa 130/80 akufunika kufunsidwa chimene chasintha.

Fayilo imasokonekera mosavuta kwa anthu ochokera kunja. Mlembi amene anazolowera mayina a Chizulu atha kulemba dzina la Chichewa kapena la Chiyao mosiyana pa ulendo uliwonse, ndipo munthu mmodzi amapezeka ali ndi mafayilo atatu, iliyonse ndi chidutswa cha mbiri yake. Lembani dzina lanu ndi tsiku lobadwa papepala monga mmene zilili pa pasipoti kapena chikalata china chimene muli nacho, ndipo muzipereka pepala lomwelo nthawi zonse. Khadi laling'ono limene mumapatsidwa lili ndi nambala ya fayilo yanu. Lijambuleni pa foni kuti likatayika nambalayo isatayike nalo. Mukasintha nambala ya foni kapena kusamuka nyumba, nenani pa zenera lolembetsera, chifukwa zotsatira za makhololo zikaonetsa TB kiliniki imakufunani kudzera pa nambala ndi adiresi zimene zili m'fayilo.

Pali chizolowezi china choopsa chimene chiyenera kutchulidwa poyera: kugwiritsa ntchito khadi kapena dzina la munthu wina chifukwa choopa kufunsidwa mapepala. Mantha ake ndi omveka, koma zotsatira zake zimagwera anthu awiri. Namwino amakhulupirira zimene zili m'fayilo. Ngati mwini fayiloyo sawengedwa ndi penicillin koma inu mumawengedwa, palibe chimene chingamuchenjeze. Zotsatira zanu za HIV kapena za shuga zimalowa m'mbiri ya mnzanu, ndipo tsiku lina iye adzapatsidwa chithandizo cha matenda amene alibe.

Ku Malawi wodwala amasunga yekha buku lake la kuchipatala, pamene kuno fayilo imatsala ku kiliniki. Ngati munabwera ndi buku lanu la kumudzi, lionetseni pa ulendo woyamba. Madokotala a ku Malawi ndi ku Zambia amalemba m'Chingerezi, choncho namwino wa ku Durban atha kuliwerenga popanda vuto. Ndi bwinonso kupitiriza chizolowezi chimenecho kuno posunga kabuku kanu kamene mumalembamo tsiku, BP, shuga, kulemera kwa thupi ndi mayina a mankhwala. Kwa munthu amene chaka chino ali ku Umbilo, chaka chamawa ku Johannesburg, kenako ku Mangochi, kabuku kameneko ndiyo mbiri yokhayo imene imayenda naye.

Ana ali ndi buku lawolawo, Road to Health Booklet, limene mayi amasunga. Mwana amene anayamba katemera kumudzi sayambiranso pachiyambi, koma namwino ayenera kuona khadi lake lakale chifukwa ndandanda za maiko awiriwa zimasiyana. Mwachitsanzo, katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 6 ndi 12 ku South Africa, pamene ku Malawi amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 15.

Chifukwa chake wobwera mochedwa amatha kulowa msanga

Makiliniki a boma amagawa odwala m'magulu atatu akuluakulu: odwala mwadzidzidzi, a matenda okhalitsa, ndi a chithandizo cha amayi, ana ndi kulera. M'makiliniki ambiri magulu amenewa amasonyezedwa ndi mitundu pa zikwangwani kapena pansi. Funsani pakhomo kuti mzere wanu ndi uti musanakhale pa benchi. Dziwaninso kuti mzere wa matenda okhalitsa ndi umodzi kwa onse, a BP, a shuga, a mphumu, a khunyu, a matenda a maganizo ndi a HIV. Izi zinachitika dala, kuti munthu wa matenda awiri asabwere masiku awiri, ndiponso kuti pasakhale wodziwika matenda ake poona benchi imene wakhalapo.

Pakati pa odwala mwadzidzidzi, woyamba kuonedwa ndi amene moyo wake uli pachiswe. M'zipinda za ngozi amagwiritsa ntchito muyezo wa South African Triage Scale: wofiira aonedwe nthawi yomweyo, wa olenji pasanathe mphindi 10, wachikasu pasanathe ola limodzi, ndipo wobiriwira pasanathe maola anayi. Kudikira kumawawa, makamaka kwa amene wasiya ganyu ya tsikulo, koma dongosolo limeneli ndi lomwe lidzakupulumutseni tsiku limene wodwala kwambiri adzakhale inu kapena mwana wanu.

Musakhale chete pa mzere ngati pali kupweteka kwa pamtima, kubanika, kukomoka, kukwinyika kwa nkhope kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, kutaya magazi kwa mayi woyembekezera, kapena mwana amene akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wagwa khunyu kapena sakudzuka bwino. Pitani kwa namwino aliyense amene mwamuona. Ulemu wodikira nthawi yako, umene tinaleredwa nawo, pamenepa utha kupha. Wotsokomola nayenso anene pakhomo pomwepo, kuti apatsidwe chotseka pakamwa ndi kuyezedwa TB msanga m'malo mokhala maola ambiri pakati pa makanda. Ambulansi imaitanidwa pa 10177, kapena pa 112 pa foni ya m'manja.

Tsiku lobwerera

Tsiku limene lalembedwa pa khadi lanu lili ndi ntchito zingapo zimene simuziona. Kiliniki yoyenda bwino imatulutsiratu mafayilo a anthu a tsikulo, imalongedzeratu mankhwala awo, ndipo imagawa odwala m'masiku a sabata kuti onse asaunjikane Lolemba m'mawa. Cholinga cha Ideal Clinic n'chakuti ulendo wonse usapitirire maola atatu. Wobwera tsiku losakhala lake amathandizidwabe, koma fayilo yake iyenera kufufuzidwa kaye. Ngati tsiku limene mwapatsidwa silikugwirizana ndi ntchito yanu, nenani namwino asanalembe. Ambiri amavomera tsiku limene akudziwa kale kuti abwana sawalola, kenako n'kulumpha mwezi wathunthu.

Maulendo ena amakhala ongotenga mankhwala, ena amakhala oyeza. Wa shuga amafunika kuyezedwa magazi a HbA1c, impso, maso ndi mapazi kamodzi pachaka kapena kuposa apo. Wa ma ARV amene wakhazikika amayezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kamodzi pachaka, ndipo chofunika n'chakuti kakhale kochepera 50. Funsani kuti muyezo wanu wotsatira ndi liti, ndipo magazi akatengedwa funsani tsiku lodzamva zotsatira. Zotsatira zambiri zimafika m'fayilo n'kukhala momwemo osawerengedwa chifukwa palibe anazifunsa.

Amene matenda awo akhazikika atha kulembetsedwa mu pulogalamu ya CCMDD, imene inayamba mu 2014 ndipo imadziwikanso kuti Dablapmeds. Mankhwala amalongedzedwa kwina n'kutumizidwa ku malo amene mwasankha, monga famase ya pafupi ndi kwanu, ndipo mumalandira uthenga wa pa foni phukusi likafika. Kawirikawiri mumatenga a miyezi iwiri kapena itatu nthawi imodzi, simulipira, ndipo mutha kulembetsa munthu wina wokutengerani. Phukusi limasungidwa masiku owerengeka okha, likapanda kutengedwa limabwezedwa. Apanso nambala ya foni yolondola ndiyo imagwira dongosolo lonse.

Ulendo wa kumudzi, makamaka wa mu Disembala kapena wa kumaliro, ndi umene umadula mankhwala a anthu ambiri. Ngati ulendowo mukuudziwiratu, uzani kiliniki milungu ingapo usanafike, pemphani mankhwala okwanira, ndipo pemphani kalata yofotokoza mankhwala anu ndi zotsatira zaposachedwa. Ma ARV a TLD amene anthu ambiri amamwa kuno ndi omwewo amene amaperekedwa ku Malawi ndi ku Zambia, ngakhale botolo lake lingaoneke losiyana, choncho ndi kalata m'manja chipatala cha kumudzi chitha kupitiriza pomwe mwasiyira. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, asapite ndi katundu wa mu ngolo ya basi. Wa TB, amene chithandizo chake chimatenga miyezi 6 kapena kuposa, asanyamuke asanakambirane ndi namwino wake. Ngati mwadukiza kale, bwererani ku kiliniki n'kunena zoona za kutalika kwa nthawi imene mwakhala osamwa, pakuti chithandizo chotsatira chimadalira yankho limenelo.

Namwino akamayang'ana m'buku

Odwala ena amakayika akaona namwino akutsegula buku pamaso pawo. Buku limenelo ndi Adult Primary Care, limene linakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cape Town mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Limayambira pa chizindikiro chimene wodwala wanena, monga mutu kapena chifuwa, n'kutsogolera namwino pa mafunso, zoyeza, mankhwala, ndi zizindikiro zofunika kutumiza wodwalayo kwa dokotala tsiku lomwelo. Ana osakwana zaka zisanu ali ndi ndondomeko yawo yotchedwa IMCI, imene imagwiritsidwanso ntchito ku Malawi. Namwino amene amatsegula buku ndi wodalirika kuposa amene amangodalira zimene akukumbukira ataona kale odwala 40. Bukuli ndilonso chifukwa chake mumafunsidwa za chifuwa, za HIV, za kulera ndi za mowa ngakhale mwabwera ndi bondo lotupa.

Mbali yanu ndi kunena zonse pachiyambi, kuyambira ndi vuto limene likukudetsani nkhawa kwambiri. Ambiri amayamba ndi chimfine, n'kutchula chotupa cha m'bere ataimirira kale kuti azipita. Bweretsani mankhwala onse amene mukumwa m'mabotolo ake, kuphatikizapo a zitsamba ndi ogula m'sitolo. Mankhwala a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amakweza BP ndi kuwononga impso akamamwedwa kawirikawiri, ndipo mapiritsi a ayironi kapena kashiamu amachepetsa mphamvu ya TLD akamwedwa nthawi imodzi popanda chakudya.

Kalata yopita ku chipatala chachikulu

Okhala ku Umbilo ali pafupi ndi zipatala zazikulu, ndipo zimakopa kungolunjika kumeneko. Chipatala cha King Edward VIII, chimene chinatsegulidwa mu 1936 ndipo tsopano chimatchedwa Victoria Mxenge, ndi cha odwala otumizidwa kwa akatswiri. Inkosi Albert Luthuli Central Hospital sichilandira munthu wopanda kalata ndi tsiku lokonzedweratu. Njira yake ndi yoyambira ku kiliniki kapena ku chipatala cha dera monga Cato Manor Community Health Centre, kenako ku chipatala cha boma monga Wentworth kapena china chimene dera lanu limatumizako, ndipo pomaliza kwa akatswiri. Wolumpha masitepe amenewa popanda vuto ladzidzidzi amatha tsiku lonse pa mzere n'kubwezedwa ku kiliniki komweko.

Kalata ili ndi ulendo wobwerera, ndipo apa m'pamene dongosolo limaduka kawirikawiri. Katswiri akasintha mankhwala koma kiliniki osauzidwa, wodwala amapezeka akumwa akale ndi atsopano omwe. Musanatuluke m'chipatala chachikulu pemphani kalata yofotokoza zimene apeza, mankhwala amene asiyitsa, amene awonjezera, ndi kumene mudzaonedwe ulendo wotsatira. Kalatayo ijambuleni musanaipereke.

Dokotala wolipiritsa

Ambiri ogwira ntchito amasankha dokotala wolipiritsa chifukwa amatsegula mpaka madzulo kapena Loweruka. Miyezo yomuonera ndi yomweyo. Akhale wolembetsedwa ku bungwe la HPCSA, akutsegulireni fayilo ndi kuigwiritsa ntchito ulendo uliwonse, akuyezeni asanakulembereni mankhwala, ndipo pa kathumba ka mankhwala palembedwe dzina lake ndi kamwedwe kake. Funsiranitu ngati mtengo ukuphatikiza mankhwala ndi zoyeza magazi. Jakisoni pa ulendo uliwonse si chizindikiro cha dokotala waluso, ngakhale ambiri a ife tinakula tikukhulupirira choncho, ndipo chimfine wamba sichifuna maantibayotiki. Pa matenda okhalitsa sankhani malo amodzi. Ngati ndalama sizingakwanire mwezi ndi mwezi, pemphani dokotalayo kalata yopita ku kiliniki ya boma mankhwala asanathe.

Chilankhulo, wosamalira wodwala ndi ufulu wanu

Ogwira ntchito ambiri ku Durban amalankhula Chizulu ndi Chingerezi, ndipo womasulira Chichewa sapezeka kawirikawiri. Lamulo la National Health Act la 2003 limanena kuti, pamene n'kotheka, wodwala afotokozeredwe za matenda ake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo limatetezanso chinsinsi chake. Mutha kubwera ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kuti akumasulireni. Mwana asasenzetsedwe ntchito imeneyi pa nkhani za HIV, za uchembere kapena za nkhanza za m'banja. Musanatuluke, bwerezani m'mawu anuanu zimene mwauzidwa, kuti ngati mwamva molakwa zikonzedwe pomwepo. Kuvomera ndi mutu chifukwa cha ulemu namwino amakutenga ngati kumvetsa.

Gadiyani wa wodwala wokalamba kapena wofooka akhale munthu mmodzi wodziwika, amene nambala yake ili m'fayilo ndipo amasunga makhadi, makalata ndi mankhwala pamalo amodzi. Achibale akamasinthana popanda kuuzana, mankhwala amaperekedwa kawiri kapena osaperekedwa n'komwe.

Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo limaletsa kukaniza aliyense chithandizo chadzidzidzi. National Health Act imalamula kuti chithandizo choyambirira m'makiliniki a boma chikhale chaulere kwa amene alibe medical aid, ndiponso kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe kwaulere. M'zaka zaposachedwa magulu ena akhala akuima pa zipata za zipatala ku Durban n'kumafunsa anthu ziphaso, koma lamulo silipatsa munthu wamba mphamvu imeneyo. Mukabwezedwa pa chipata, musalimbane nawo. Lembani tsiku, nthawi ndi malo, ndipo yesani kiliniki ina tsiku lomwelo ngati mankhwala anu atsala pang'ono kutha.

Dandaulo lokhudza chithandizo limaperekedwa kwa namwino wamkulu woyang'anira kiliniki, kapena m'bokosi la madandaulo limene kiliniki iliyonse ya boma iyenera kukhala nalo. Ndondomeko ya unduna imati wodandaula adziwitsidwe kuti dandaulo lake lalandiridwa pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, ndipo ayankhidwe pasanathe masiku 25 ogwira ntchito. Yankho likapanda kubwera kapena likapanda kukukhutiritsani, nkhaniyo itha kupita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la eThekwini, kenako kwa Health Ombud. Dandaulo la dokotala wolipiritsa limapita ku HPCSA.